Za kwaya ija, ndinachokamo

Abale, mwezi wathawu ndinafunsa kuti ndichoke bwanji mu kwaya ya payunivesite kuno ku Glasgow osakhumudwitsa anzanga, poti mapulakitisi amandidyera nthawi yowerenga. Ambiri munati ndingosowa mwakachetechete. Mayi wina anati ndikalankhule ndi wapampando pamaso, ndipo ndinatsata malangizo awo. Zikomo mayi.

Ndinadikira kuti konsati ya Khirisimasi idutse kaye, chifukwa oimba besi tinalipo ochepa. Kenako ndinamuuza wapampandoyo tikumwa khofi. Ndinali nditakonzeratu mawu ambirimbiri opepesa, monga timachitira posiya kwaya ya kumpingo kwathu, komwe mpaka akulu ampingo amabwera pakhomo kudzafunsa ngati walowerera. Mtsikanayo anangoseka, nati palibe vuto, ndibweze foda ya nyimbo basi, ndipo ndikafuna ndidzabwerenso mu Seputembala akamadzalemba atsopano. Ndalama ya umembala yokha ndiyo sabweza, poti ndinalipira ya chaka chonse.

Kunena zoona, Lachitatu madzulo ndimawasowa anzanga aja, makamaka m'nyengo yozizira ino pomwe kunja kumada cha m'ma 4 koloko. Koma homuweki ikuyenda bwino, ndipo Lamlungu ndikuimbabe kutchalitchi ndi Amalawi anzanga.