Ryzen 5 5600 kapena 7600, ndi motherboard iti?

Kambuzi: Akuluakulu, ndikumanga kompyuta ya magemu. Ndili kale ndi RAM ya DDR4, ma 8GB awiri. Kodi ndigule purosesa ya Ryzen 5 7600?

Wamawaya: Achimwene, 7600 imalowa pa socket (malo oikapo purosesa pa bodi) ya AM5, ndipo AM5 imalandira DDR5 yokha. RAM yanuyo siingalowe n'komwe, kampata kake kali pena. Ngati mukufuna kuisunga, tengani 5600 ndi bodi ya B550. Koma 5600 ilibe graphics mkati, popanda graphics card sikirini ikhala yakuda bii.

Nachisale: Zoona. Bodi ya B450 ndiyotchipa, koma yakale imafuna BIOS (pulogalamu ya mu bodi) yatsopano kuti izindikire 5600. Sankhani yokhala ndi batani la BIOS Flashback, mumangoika fayilo pa flash, purosesa isanalowe.

RAM muiike pa A2 ndi B2, malo achiwiri ndi achinayi kuchokera ku purosesa. Mukaigundanitsa pa A1 ndi A2, dual channel (kuyenda kwa RAM pa njira ziwiri nthawi imodzi) palibe. Kenako yatsani XMP (yopatsa RAM liwiro lake lonse) mu BIOS, apo ayi nthawi zambiri iziyenda pa liwiro la 2133 kapena 2400 basi.

Wamawaya: Komanso timapini ta 5600 tili pa purosesa penipeni. Pochotsa cooler (choziziritsa purosesa) muziipotoza pang'ono kaye, mukakoka mwamphamvu imazuka nayo purosesa.