Chithai ndi Chifalansa nthawi imodzi, ndizotheka kapena ndisiye chimodzi?

Abale ndithandizeni nzeru. Ine bambo anga ndi a ku Dedza, mayi anga ndi a ku Thailand, chigawo cha Khon Kaen, koma ndakulira ku Lilongwe ndipo kunyumba timangolankhula Chichewa ndi Chingelezi basi. Pano ndayamba kuphunzira Chithai pandekha pa foni ndikaweruka ku ntchito, komanso Chifalansa chomwe ndimangochikonda, ndimamvera wailesi ya ku France ya RFI ndikamaphika.

Chifalansa chikuyendako bola, zilembo ndi zathu zomwezi. Chithai ndiye eeh! Makonsonanti okha alipo 44, mawu amalemba mogundizana opanda mpata, ndiye pali matoni 5 oti ukangokweza mawu polakwika wanena zina, mayi amangopukusa mutu ine ndikuona ngati ndakhoza. Chinanso agogo kumudzi kwa mayi amalankhula Chiisan, chilankhulo cha kuderalo, chomwe chili pafupi ndi Chilao cha ku Laos, pomwe ma app akuphunzitsa Chithai cha ku Bangkok, ndiye ndiyambe chiti poti cholinga changa ndi kucheza ndi agogowo pa video call asanatisiye?

Ndipo amene mumaphunzira zilankhulo ziwiri pakamodzi mumagawa bwanji nthawi kuti zisasokonekere mmutu?

Funso lina ndi la anzanga a makolo a mitundu iwiri. Mu minibasi kondakitala amandikuwira kuti mchaina, ndikamuyankha mChichewa basi yonse kutembenuka, koma abale a mayi nawonso amanditenga ngati mlendo chifukwa sindimva zomwe akukamba, zimandiwawa kwambiri. Inu mutadziwa chilankhulo cha mbali inayo abale anayamba kukuonani ngati wawo kapena zinakhala chimodzimodzi?