Zipinda za msika wa kwathu: tisonkhe za denga kapena tiyambe tafunsa?

Wapampando (Area 25): Abale ndi alongo, Loweruka ndinali kumudzi ndipo ndadzionera ndekha kuti zipinda 12 za pamsika zija zikadali zopanda denga, pomwe kontilakitala anasamutsa kale zipangizo zake. Ntchitoyi inayamba ndi ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera a aphungu. Agulupu apempha kuti ife okhala mu Lilongwe tisonkhe za malata ndi matabwa mvula isanagwe, choncho ndikupempha maganizo anu.

Msungichuma (Area 49): A Wapampando, pempho la agulupu ndalimva, koma ine sindingavomereze kuti titulutse ngakhale tambala tisanaone mapepala. Thumba la CDF linafika pa K200 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2024, ndipo denga linali m'gulu la zinthu zomwe ndalamazo zinayenera kulipira. Tikafunsa timauzidwa kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zomwe n'zoona, koma kugwa kwa kwacha sikuletsa munthu kuonetsa malisiti. Kumbukiraninso kuti mu Meyi 2025 khoti lalikulu linagamula kuti aphungu asamayendetse thumbali, chifukwa munthu amene ntchito yake n'kupanga malamulo ndi kulondoloza momwe boma likugwiritsira ntchito ndalama sangakhalenso wosankha ntchito ndi oigwira, popeza sangadzifufuze yekha. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza mauthenga ku boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Tilembe kalata ku khonsolo kudzera ku makomiti a chitukuko a m'mudzi (VDC) ndi a m'dera (ADC), atiuze ndalama zomwe zinatuluka, amene anasainira ndiponso zomwe zinatsala. Tikafolera ife mwakachetechete, ndiye kuti takwirira nkhaniyo ndi malata athu omwe.

Mayi a ku Kawale: A Msungichuma, mfundo zanu n'zomveka, koma mukuziyankhula muli pansi pa denga ndipo malipiro akubwera mwezi ukatha. Achemwali anga amagulitsa tomato ndi usipa pansi pa mtengo, ndipo mvula ikabwera amafunditsa katundu ndi chitenje chomwe avala. Kalata yanu idzayankhidwa mwina mu Epulo, makoma atanyowa dzinja lonse.

Bambo a ku Mchesi: Ine ndisonkha pokhapokha titagwirizana kuti zipindazi zikhale za eni mudzi okha. Ndamva kuti Maburundi awiri ayamba kale kufunsa za lendi, ndipo iwo ali ndi mpamba womwe ana athu sangapikisane nawo.

Mphunzitsi wopuma (Likuni): Achimwene a ku Mchesi, nkhani imeneyi tiigwire mosamala. Tonse tinali mumzinda muno mu Meyi 2023 pamene apolisi ndi asilikali anatseka mashopu a anthu othawa kwawo, ena n'kukawasunga ku ndende ya Maula pamodzi ndi ana awo asanawatengere ku Dzaleka. Msasa umenewo unatsegulidwa mu 1994 kuti uzisunga anthu pafupifupi 10,000, koma lero uli ndi anthu oposa 50,000. Boma linkati likutsata ndondomeko yoti othawa kwawo azikhala kumsasa, ndipo mphamvu zotere lili nazo. Funso langa ndi lakuti, mashopu aja atatsekedwa, kodi mnyamata wogulitsa mandasi ndi amene analowamo? Ine ndinaona akulowamo anthu omwe anali kale ndi ndalama. N'chimodzimodzi kwathu: tikangolemba kuti eni mudzi okha, zipinda zidzagwera achibale a akuluakulu, ndipo amayi a pansi pa mtengo adzatsala pomwepo. Za chilolezo cha mlendo tisiyire a Immigration, ife tikambe za lendi yomwe wosauka angakwanitse komanso kaundula woyambira amene akugulitsa kale pamsikapo.

Membala wa ku Johannesburg: Akuluakulu, mundikhululukire polowerera. Gawo lalikulu la ndalama za mjigo uja linachokera kwa ife a ku Joni, ndipo kuno mlendo ndi ineyo. Mu 2015 boma lathu linachita kutumiza mabasi kudzatenga Amalawi omwe ankathawa zipolowe zodana ndi alendo. Mawu oti eni dera okha ndinawamvapo akunenedwa kwa ine, n'chifukwa chake sindingawasainire.

Bambo a ku Mchesi: Sindinanene kuti munthu athamangitsidwe ayi. Koma kaundula woyambira ogulitsa akale ndamuvomera, bola alembedwe poyera, pamaso pa agulupu ndi komiti ya msika.

Mlembi (Chilinde): Ndalemba motere: kalata yopita ku khonsolo ndiikonza pofika Lachitatu, ndipo a Msungichuma ndi aphunzitsi akaipereke pamanja n'kubwerako ndi kope lodindidwa. Zosonkha ziyambe, koma zikhale ku akaunti ya gulu mpaka yankho litabwera kapena masiku 30 atadutsa.

Mayi a ku Kawale: Masiku 30 ndawavomera monyinyirika. Pakadali pano ndikutumiza mapepala a pulasitiki pa minibasi ya Lachisanu kuti afunditse pamwamba pa makoma, ndipo a Wapampando muuze agulupu atume anyamata akawalandire pa siteji.