Laputopu ikuyaka kwa masekondi ochepa n'kuthimanso: ndiyambire pati kuti ndisataye zomwe zili m'katimo?

Abale ndi alongo pa gulu lino, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za makompyuta. Ndine mlembi wa kalabu ya alimi a soya ndi mtedza kuno ku Mchinji, ndipo kaundula yense wa zaka zitatu, kuyambira maina a mamembala mpaka ngongole za mbewu, ali mu laputopu imodzi, ThinkPad T480 yomwe ndinagula yogwiritsidwapo kale ntchito ndipo yanditumikira bwino mpaka sabata ino.

Lachiwiri usiku magetsi anathima laputopuyo ili pa tchaja, ndipo atabweranso ine ndinali nditagona. M'mawa mwake nditadina batani loyatsira, kanyali kake kanayaka, fani inazungulira mwamphamvu kwa masekondi pafupifupi asanu, kenako zonse zinangoti zii. Patapita kanthawi inadziyatsa yokha n'kuchitanso chimodzimodzi, ndipo imabwereza zimenezi mpaka nditaikakamiza kuthima. Pa sikirini sipakuoneka chilichonse, ngakhale chizindikiro chimene chimabwera Windows isanatseguke.

Ndachotsa batire lakunja n'kudina batani kwa masekondi 30. Ndalowetsa kawaya kopanira mapepala m'kachibowo kapansi kochitira reset (koyambitsiranso makina). Ndailumikiza ku TV ndi chingwe cha HDMI, komanso ndawalitsa tochi pa sikirini m'chipinda chamdima poganiza kuti mwina chithunzi chilipo koma nyali yakumbuyo ndiyo yafa, koma palibe chimene chasintha. Ndiulule kuti tchaja yomwe ndikugwiritsa ntchito si yomwe inabwera nayo, ndinaigula pamsika chaka chatha, ngakhale yalembedwa 20V ndi 3.25A monga yoyamba ija.

Wokonza wina kuno anangoimvetsera ikulira, osaitsegula n'komwe, n'kunena kuti motherboard (bolodi lalikulu lolumikiza zipangizo zonse za m'kati) yapsa ndipo akufuna aiwotche ndi mpweya wotentha. Mtima wanga wakana, chifukwa munthu sanganene matenda asanayeze. Kodi pali zina zimene ndingayese ndekha? Ndipo chimene chikundisowetsa tulo kwambiri n'chakuti, ngati laputopuyi yafadi, kodi kaundula uja ndingamupulumutse?

Yankho loyamba

Mayi, mwachita bwino kukana. Zimene mwafotokozazi zikusonyeza kuti magetsi akufika, koma makinawo akulephera kudutsa mayeso amene amadzichita okha asanaonetse chithunzi, ndipo pa vuto lotere ine ndimayamba ndi RAM (timatabwa tosunga kwakanthawi zimene kompyuta ikugwiritsa ntchito) ndisanaganize za motherboard. Bwerekani kaye tchaja ya USB-C ya 65W yodalirika, chifukwa zolembedwa pa tchaja za pamsika sizikhala zoona nthawi zonse, ndipo muiyese m'mabowo onse awiri a USB-C. Mukangoilumikiza, kanyali ka pa batani kayenera kuphethira katatu.

Zikakanika, pezani munthu wa dzanja lofatsa atsegule chivundikiro chapansi. T480 ili ndi mabatire awiri, choncho ngakhale mutachotsa lakunja, lam'kati limakhala likuperekabe moto, ndipo chingwe chake chiyenera kuzulidwa musanakhudze china chilichonse. Muli malo awiri oikamo RAM ya DDR4. Ngati timatabwa ta RAM tili tiwiri, chotsani tonse, mubwezere kamodzi n'kuyatsa, kenako musinthe malo, kenako muyese katabwa kena kaja pakokha. Pomaliza zulani chingwe cha kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kamene kamasunga nthawi ndi makonzedwe a BIOS (pulogalamu yoyambitsa makina Windows isanatseguke), mudikire mphindi zingapo n'kukabwezera. Kayenera kukhala ndi mphamvu ya 3V, ndipo aliyense amene ali ndi mita yoyezera magetsi akhoza kukayeza. Mukatero musafulumire kuithimitsa, chifukwa ikhoza kukhala mumdima kwa kanthawi ndi kudziyatsanso kangapo isanaonetse chithunzi.

Yankho lachiwiri

Achemwali, ndikugwirizana ndi zimene abambo anena pamwambapa, koma ndikupempha kuti musanatsegule chilichonse muchite kaye ichi. Kaundula wanu ali mu SSD, mbali yosungira mafayilo, yomwe imachotseka ndipo ikhoza kuwerengedwa pa kompyuta ina poiika m'kabokosi ka USB. Vuto limabwera ngati BitLocker, loko ya Windows yotetezera mafayilo, inali yoyatsidwa, chifukwa pamenepo zonse zimakhala zokhomedwa ndipo mudzafunsidwa kiyi ya manambala 48. Kiyi yomweyo ikhozanso kufunsidwa pa laputopu yanu yomweyo makonzedwe a BIOS akasintha kapena motherboard ikasinthidwa. Ngati mumalowa mu Windows ndi akaunti ya Microsoft, lowani mu akauntiyo pa foni yanu, muone ngati kiyi inasungidwamo, ndipo muilembe pa pepala. Musagule kabokosiko musanaone mtundu wa SSD yanu, popeza ma T480 ena ali ndi ya mainchesi 2.5 pamene ena ali ndi ya M.2. Ndipo ngati mudzaisiye kwa wokonza aliyense, chotsanimo SSD mupite nayo kunyumba.

Mwini funso

Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndalowa mu akaunti ija madzulo ano ndipo kiyi ndaipeza, ndailemba mu kope la kalabu ndipo ndaiwerenga kawiri kuti ndisalakwitse nambala. Ndabwerekanso tchaja kwa aphunzitsi ena oyandikana nafe: kanyali kaphethira katatu monga mwanenera, koma fani yazungulira n'kuimanso ngati kale, choncho tchaja ndaichotsa pa mndandanda wa zokayikitsa. Loweruka mchimwene wanga abwera ndi timasikuludiraiva tating'ono kuti titsegule. Abambo a yankho loyamba, chonde ndiuzeni: tikazula chingwe cha batire lam'kati, kodi tiyese RAM ija pa tchaja yokha, kapena tizibwezera batire nthawi iliyonse tisanayatse?