Hedi ya Class 31 yang'aluka, sipeya yake tiipeza kuti?

Fitala wa ku Derby: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Loweruka lililonse ndimakagwira ntchito mongodzipereka kushedi ina kuno ku England komwe amasunga mitu ya sitima yakale. Tili ndi Class 31 (mtundu wina wa mitu ya dizilo) yomwe ndaikonda ngati mwana wanga. Mwezi watha nditasolola chitsulo choyezera oyilo ndinapeza oyiloyo atayererako ngati thobwa. Titamasula tinaona kuti hedi imodzi, chivundikiro cha pamwamba pa silinda ya injini, yang'aluka pakati pa mavalavu, madzi akulowa. Buku lakale lomwe lili mu ofesi likuti mitu imeneyi inatuluka ndi injini ya Mirrlees JVS12T. Milungu itatu tsopano ndikusaka hedi ya Mirrlees, aliyense amene ndamuimbira akungodabwa nane.

Mkulu wopuma wa ku Limbe: Mwanawe, buku ulisiye kaye. Injiniyo waiwerenga chikwangwani chake? Ife ku wekishopu sitinkaitanitsa sipeya tisanapukute kachitsulo ka nambala ndi sanza ya dizilo. Thupi la sitima limakhala lomwelo zaka makumi anayi, koma za m'mimbamo zimasinthidwa.

Fitala wa ku Derby: Zoona bambo, sindinatero. Penti wakuta paliponse.

Wamagetsi wa ku Crewe: Achimwene, akuluwo alasa. Mirrlees simuipeza chifukwa mulibemo. Kampani ya Brush ku Loughborough inapanga mitu imeneyi 263 kuyambira 1957 mpaka 1962, yonse ndi Mirrlees. Patangopita zaka zochepa mainjiniwo anayamba kuchita ming'alu. Mu 1964 anayesa kuika injini ya English Electric 12SVT m'mutu wa nambala D5677, itayenda bwino anasintha yonse, ntchito n'kutha mu 1969. N'chifukwa chake pali mayina awiri: yomwe inali ikadali ndi Mirrlees inkatchedwa Class 30, yosinthidwayo Class 31. Buku lanulo silikunama ayi, langotsalira m'mbuyo. Ngakhale D5500, woyamba weniweni amene akusungidwa ndi National Railway Museum, ali ndi English Electric.

Fitala wa ku Derby: Ndangochokera kushedi. Ndapala penti ndi mpeni, ndawalitsa ndi tochi ya foni, zilembo zatuluka: English Electric, 12SVT. Mtima wakhala pansi. Ndiye hedi ya Class 37 ingalowe? Pali anzathu ena amene ali nazo zingapo.

Wamagetsi wa ku Crewe: Apo musathamange. Class 37 ili ndi 12CSVT, ndipo C ameneyo akutanthauza kuti mpweya wochokera mu tebo, kachipangizo kokankhira mpweya mu injini, umaziziritsidwa usanalowe m'masilinda. Imatulutsa mphamvu 1,750 hp pamene yanuyo ndi 1,470 hp. Banja n'limodzi, silinda ndi ya mainchesi 10, pisitoni imayenda mainchesi 12, koma kufanana nkhope sikufanana zonse. Wachibale wapafupi ndi 8SVT ya Class 20, komanso 16SVT ya Class 40. Funsani kaye magulu osunga Class 20, amenewo alipo ambiri ndithu. Muwatumizire nambala yodindidwa pa hedi yanu, osati dzina la sitima.

Mkulu wopuma wa ku Limbe: Ndipo ikapezeka usalipire usanaiyese. Tseka mabowo a madzi, upope madzi ndi mphamvu, uisiye kwakanthawi. Hedi yogona pabwalo nyengo yozizira ya kwanuko imatha kung'aluka ndi madzi oundana, kunja ikuoneka yabwinobwino. Uonenso laina ya silinda imeneyo, chipaipi chija momwe pisitoni imayendamo, ndi malabala ake apansi. Madzi ochuluka chonchi mu oyilo nthawi zina sachokera ku hedi kokha. Ndinaonapo anyamata akumanga hedi yatsopano, patatha masiku awiri thobwa lija labwerera.

Fitala wa ku Derby: Laina sindinaiganizire n'komwe. Tiizula Loweruka.

Wamagetsi wa ku Crewe: Chinanso, pofufuza mitu imene idakalipo muzigwiritsa manambala onse awiri, yakale yoyamba ndi D ija ndi yatsopano yomwe anapereka cha m'ma 1973 ndi 1974. D5500 ndi 31018 ndi mutu umodzi womwewo. Eni ena amalemba yakale, ena yatsopano, ukhoza kuwerenga mutu umodzi kawiri.

Fitala wa ku Derby: Gulu lina la Class 20 layankha. Ali ndi mahedi awiri m'kontena, nambala ya imodzi yafanana ndi yathu. Ndipita Lachisanu ndi pampu yoyesera. Bambo a ku Limbe, laina ndikaizula ndikutumizirani chithunzi muione ndi maso anu.