Ndiyambe ndi chiyani pa masilaidi a bizinesi yanga ya zinanazi?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Kuno ku Mulanje zinanazi zikachuluka zimangowolera m'mbali mwa msewu, amayi ataziunjika milumilu kudikira ogula. Zimandiwawa. Ine ndinayamba kuzidula n'kumaziumitsa, ndipo timapaketi tanga sitichedwa kutha pa Chitakale. Tsopano bambo wina wa ku Blantyre akufuna kuikamo ndalama, koma wandipatsa mphindi 10 zokha Lachisanu zoti ndimufotokozere za bizinesiyi.

Masilaidi anga (masamba a zithunzi ndi mawu oti ndikamuonetse pa kompyuta) alipo 22, ndikuona kuti achuluka. Ndiyambe ndi chithunzi cha zinanazi zowolazo, kapena ndi ndalama zomwe ndapeza pogulitsa? Koma chikundisowetsa tulo ndi ichi: akandigulira choumitsira cha sola, ndimupatse gawo lalikulu bwanji la bizinesiyi kuti isandipulumuke m'manja? Inu amene munaimapo pamaso pa anthu otere, anayamba kukufunsani chiyani?