Lilongwe mpaka Johannesburg pandege ndi maola angati?

Nachisale: Abale, mayi anga akupita ku Joni kukaona adzukulu. Miyendo imawatupa akakhalitsa pampando, ndiye za basi ndakana. Pandege atenga nthawi yaitali bwanji?

Bambo a Tadala: Kuchokera pa Kamuzu International Airport kukafika pa OR Tambo ndi makilomita pafupifupi 1,500. Ndege yosaima panjira imatenga maola awiri ndi theka basi. Koma tikitiyo muiwerenge bwino, zina zimayamba zatera ku Chileka.

Wa ku Randburg: Mwachita bwino achemwali. Mukayenda pa basi, mzere wa pa boda ya Beitbridge wokha nthawi zina umadya maola ambiri kuposa ulendo wonse wa pandege. Wotchi asasinthe, nthawi ndi imodzimodzi. Komanso OR Tambo ndi chibwalo chachikulu, pogula tikiti muwapemphere wilitcheya.